Chiphaso Chochokera Kutsogolo

Magetsi abwera naini koloko itadutsa kale.
Pansi, m'sitolo ya a Njobvu, firiji yatsokomola kawiri n'kuyamba kulira.
Ine ndili pamwamba, m'kachipinda kathu ka lendi kuno ku Kapata,
pampando wogwedera uja, mwendo umodzi uli panjerwa,
ntchito ya masabata awiri ili m'kompyuta
ngati nsawa zosenda zosowa thumba.

Ndi pulogalamu ya kopaletivu:
wabweretsa matumba angati ndani, walipidwa ndani,
akali kuyenderera ndani.
Mawa Lachisanu, tsiku lolipira.

Ndakankha ntchito kuti ikalowe m'nkhokwe.
Nkhokwe yathu ilibe denga la udzu, ilibe makoswe,
ili pa seva ku Lusaka, m'nyumba yomwe sindinaiwonepo,
ndipo imakumbukira aliyense amene anasinthako ngakhale kadontho.
Lero yankho ndi mzere umodzi wouma:
sindikufika, chiphaso chavuta.

Ndalembanso mawu achinsinsi, chala chimodzichimodzi,
ngati mwana wowerenga chenje.
Ndayang'ana adiresi, mwina chilembo chathawa. Chilipo.
Ndazimitsa kabokosi ka netiweki, ndawerenga mpaka makumi atatu,
ndakayatsa. Ndagulanso bandulo, mwina ndi umphawi.
Mzere womwewo.

Ndaimbira Chembe. Ali panjinga, mphepo ikudya mawu ake.
"Kwanga ikulowa bwinobwino," akutero,
"ingoiwuza kompyutayo isiye kufunsa ziphaso, udutse."
Iwe Chembe, ndalama za anthu mazana atatu,
ndichotse chitseko chifukwa kiyi wauma?
Waseka. Foni yaduka cha ku Mchini.

Masana dzuwa laterera pa Kanjala, malata akuthetheka.
Ndaiwuza kompyuta: usandibise kanthu,
nena zonse zimene mukunong'onezana ndi sevayo.
Mizere yakhuthuka ngati inswa.
Moni, moni. Ndinu yani? Chiphaso changa ichi.
Ndatsata ndi chala pagalasi mpaka pomwe moni wathera,
ndipo apo ndaona: si seva yandikana.
Yanga yomwe ino ndiyo yakana mlendo.
Akuti chiphasochi nthawi yake sinakwane.

Sinakwane?

Maso atsikira pakona, pomwe sindiyang'anako.
1 Januwale, 2012.

Kabatire kam'kati kafa mumdima wa usiku,
kompyuta yadzuka yosadziwa kuti yagona nthawi yaitali bwanji,
yabwerera ku tsiku lomwe imalidziwa.
Kwa iyo sevayo ndi wabodza,
wonyamula kalata yodindidwa chaka chosafika.

Ndakhala chete.
Chaka chimenecho ndinali ndisanakhudzepo kiyibodi.
Tinali ku Nabvutika, chipinda chimodzi,
achimwene a Gostino akali moyo,
akukonza mawailesi a anthu pakhonde,
waya pakamwa, fungo la mtovu wosungunuka m'malaya.
Ankati, Zelipa, usayambe n'kumasula zikuluzikulu,
yamba wafunsa ngati batire ilimo.
Chifuwa chinali chisanayambe.
M'kona muno, m'manambala ang'onoang'ono awa,
chikali chisanayambe.

Ndatsika, ndayenda mpaka kumsika,
kwa a Miti okonza mawotchi pansi pa ambulera.
Kabatire kake ngati ndalama yachitsulo.
Andiuza mtengo, sindinanenerere, adabwa.

Ndamasula bokosi, fumbi la zaka landilonjera,
ndaika katsopano.
Kompyuta yafunsa: lero ndi liti?

Ndachedwa pang'ono.
Pansi a Njobvu akukangana ndi wobweretsa buledi,
kunja njinga zikuliza mabelu,
wina akuitanira minibasi ya ku Mwami.
Ndalemba tsiku la lero.
Zaka zonsezo zagwera pamodzi, popanda phokoso.

Ndakankhanso.
Mafayilo awerengedwa, apanikizidwa, apita,
nkhokwe yalemba dzina langa ndi ola lake lenileni.
Mawa alimi alandira zawo.

Kabatire kakufa kaja sindinakataye.
Kali m'thumba la siketi,
kakugunda pa makiyi ndikamatsika masitepe.